Sikisitini Awazi ku Chongwe

A khonsolo ankafuna chithunzi chimodzi chokha,
cha pa kalendala, tsamba la Okutobala.
"Paki yathu ioneke ngati ya m'tauni,"
anatero kalaliki, akundiwerengera theka la ndalama yoyendera.

Ndinatsika minibasi yoyamba ya ku Lusaka
fumbi lisanadzuke.
Paki yake ndi iyi: majakaranda asanu,
mabenchi atatu, limodzi lopanda msana,
mpope wouma womangidwa pakhosi ndi mphira,
katungwe amene unyolo wake
unapita kukamanga njinga ya munthu wina.

Kuwala kwa m'mawa kunabwera chokwawa
pansi pa malole a makala oima m'mbali mwa msewu,
kunanunkhiza miyendo ya mabenchi,
kenako n'kukwera mitengo osandidikira.
Ndinajambula kasanu. Zonse zinatuluka zotuwa
ngati nkhope ya mwana wosadzola.

Mayi Esinati Daka anafika ndi tsache la mapesi.
Ndinati, chonde maluwawo musasese,
ndi amene ndadzera.
Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kamera:
"Akapitawo akabwera, mukawayankha ndinu?"
Komabe anandisiyira ngodya imodzi,
kachigamba kofiirira pafupi ndi mpanda,
ngati ndiwo zosungira mlendo.

"Mwafulumira," anatero osatembenuka.
"Malo ano amadzuka sikisitini awazi.
Zaka khumi ndi ziwiri ndikuwaona."

Masana dzuwa la kuno lilibe ulemu.
Limavula chilichonse:
utoto wosupuka, zitsekerero za mabotolo,
dzina la wina lolembedwa ndi msomali.
Mthunzi uliwonse unabisala pansi pa mwini wake
ngati galu wakuba mazira.
Ndinagula mbatata yootcha, ndinagona pa benchi lolumala,
kamera pamimba, maso m'masamba,
ndikuwerenga zaka zimene ndakhala ku Kamwala
kuuza anthu, kwezani chibwano, musaseke,
kumbuyo kwawo nsalu yoyera yomweyo,
getsi lomwelo, losadziwa nthawi.

Kenako kumapiri wina anayatsa lupsa.
Utsi unakwera, dzuwa n'kulowamo,
n'kutulukamo lofewa ngati papaya.
Khoma la chimbudzi cha khonsolo,
lija ndinkalipatsa msana tsiku lonse,
linayamba kupsa ngati bango la mango a m'dengu,
mpope unavala mkuwa,
ana a sukulu anadutsa akukoka zithunzithunzi zawo
zazitali kuposa aphunzitsi.

Batire linali litayamba kuphethira.

Mayi Daka anaika tsache pansi,
anamasula chitenje chakunja n'kuchikutumula kamodzi,
ndipo fumbi lonse la tsikulo, ndi timaluwa tomatirira,
zinaima m'malere mowazungulira,
chilichonse ndi kamoto kake.
Chala changa chinaganiza chisanandifunse.

Sindinawerenge mpaka makumi awiri.
Lole inadutsa, utsi unasuntha,
khoma linabwerera kukhala khoma.

Lolemba kalaliki anachigwira ndi zala ziwiri.
"Chimbudzi chikuoneka.
Nanga mayiyu akutani pakati pa paki?"
Pa Okutobala anaikapo ofesi yatsopano,
yojambulidwa masana, mbendera ili chilili.
Theka lina la ndalama sindinalione.

Ndinachitsukitsa ndekha, chachikulu,
ndinakweranso minibasi Loweruka
nditachipanira m'katoni ya sopo kuti chisapindike.
Ndinawapeza pa ngodya ija, maluwa atatha,
masamba atsopano akungoyamba kuyankhula.
Anapukuta manja m'chiuno,
anachiyang'ana nthawi yaitali,
ine ndikudikira mawu aakulu.

"Tsache langali latha, eti," anatero.
"Onani mmene lafupikira."

Kenako anakweza maso kuona dzuwa,
monga ena amaonera wotchi,
n'kundisunthira malo pa benchi.
"Khalani. Kwatsala pang'ono."