Ulusi wa ku Kamwala

Madzi a Febuluwale ataphwera ku Kanyama,
Mai Dailesi Njobvu anafika pakhonde langa ku Kamwala
atakulunga Malemba awo m'pulasitiki ya shuga.
Buku linali litatupa ngati buledi wogwera m'ndowa.
Anati, "A Sakala, musanditayire tsamba ngakhale limodzi."

Ine ntchito yanga ndi singano, guluu ndi ulusi.
Zaumulungu ndimasiyira a kolala yoyera.
Koma ukang'amba msana wa buku, limaulula chinsinsi chake:
silinabadwe tsiku limodzi.
Timagulu ta mapepala timagwera patebulo,
kagulu kalikonse ndi fungo lakelake.

Ndinayanika masambawo pachingwe, pakati pa mayunifolomu a ana,
makondakitala akukuwa za Chawama ndi Matero kuseri kwa mpanda,
ndipo ndinakumbuka osoka anzanga akalekale,
aja a ku Yuda,
amene mzinda wawo unapsa, kachisi n'kusanduka phulusa,
iwo n'kukusidwa wapansi mpaka ku Babulo.
Mwala sunyamulika paulendo wotere.
Guwa silikwana m'thumba.
Ananyamula zokwana m'mutu ndi pachikopa:
lamulo la ng'ombe yogunda munthu,
nyimbo ya maliro, mndandanda wa mafumu,
mkwiyo wa mneneri amene palibe anamumvera ali moyo.

Kuchilendoko, pa dothi la eni,
ana awo atayamba kuyankha m'chinenero china
(ndimazidziwa, mdzukulu wanga ndikamulankhula
amandibwezera Chinyanja cha m'minibasi),
anakhala pansi usiku n'kufunsana:
kodi tinalakwa pati?
Funso limenelo ndilo linali singano.
Linaboola mbiri yonse, kubwerera mpaka kumunda woyamba.

Wina anabwera ndi nkhani ya kumpoto,
wina ndi ya kumwera.
Mulungu yemweyo, maina awiri.
Wosokayo sanasankhe. Anangolumikiza,
msoko n'kuusiya poonekera.
N'chifukwa chake masiku a chigumula amawerengeka pawiri,
ndipo nyama zolowa m'chombo
ukaziwerenga lero ndi mawa, sizifanana.

Nanga masamba aja timawadumpha m'tchalitchi,
uje anabala uje, uje anabala uje?
Musawaseke.
Obwerera kwawo anapeza minda ili ndi eni ena.
Dzina la kholo ndilo linali chikalata cha malo.
Funsani aliyense amene anaimapo pamzere ku khonsolo
kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka,
pepala la puloti lofufutika lili m'manja.

Tsiku lachitatu ndinafika patsamba lomaliza,
lija makina sanalikhudze, la banja.
Inki inali itayenderera ngati misozi pa ufa.
Maina a ana asanu ndi awiri,
ndipo pa dzina la Tilyenji panali masiku awiri a imfa:
lina la dzanja lolemera la mwamuna,
lina la pensulo, laling'ono, pansi pake.

Atabwera ndinawafunsa,
"Lolondola ndi liti, kuti ndilembenso bwino?"
Analiyang'ana tsambalo mpaka guluu anayamba kuuma pachala changa.
"Bambo ake analemba tsiku limene achipatala anatiuza.
Ine ndinalemba tsiku limene mwanayo anasiya kundizindikira.
Asiyeni onse."

Ndinawasiya onse.
Ndinasoka ndi ulusi wa nsapato, wakuda, wolimba,
woti ukatsegula pakati umaoneka ndithu.
Chikuto ndinadula ku chikwama chakale cha sukulu.
Analipira theka, lina ati pakutha pa mwezi,
n'kulikulunganso m'pulasitiki yomwe ija,
poti cha ku Kanyama kumwamba kunali kutadanso.