Tsache la Usiku

Ine ndimalowa ana akamatuluka.
Zikwi zitatu ndi mazana angapo
amakhuthukira mumsewu wa ku Queens
ngati mpunga thumba likabooka,
ine nditatchinga chitseko ndi phazi, chidebe kumanja.

Mayina awo sindiwadziwa onse.
Ndimadziwa zimene amagwetsa.

Pansi penipeni amaphunzira zachipatala.
Pamachira pagona chidole chopanda miyendo,
chifuwa chake chinafwapa
chifukwa cha manja ochitsitsimutsa tsiku ndi tsiku.
Dzulo wina anachifunditsa juzi yake,
pakolala palembedwa kuti Dilnoza.
Sindinachivule. Kunja kunali kugwa chipale.

Ukakwera masitepe upeza khoti la ophunzira,
mpando wa woweruza, kanyundo kamtengo.
Pansi pa benchi ndinatola pepala lopinda kanayi:
Wilgens akuimira mayi wongopeka
amene mwininyumba akufuna kumutayira katundu panja.
Nambala ya pakhomo anailemba,
nkuifufuta, nkuilembanso,
mpaka pepala linabooka.
Mlandu wopeka suboola pepala.

A zandege anawaika kuseri, pafupi ndi mapaipi otentha.
Oilo wawo samva sopo.
Ndimakolopa ndikung'ung'udza,
ndiye ndege yotera ku LaGuardia imagwedeza mawindo,
phiko lakale lili pamiyendo yachitsulo limanjenjemera
ngati lamva mayi wake akuitana.
Yaretzi amasiya masipanala atandanda, wamkulu kufika wamng'ono.
Pake pokha sindigwirapo.

Kwa ophika kumanunkhira adyo mpaka pakati pa usiku.
Tenzin ndi Farzana akhala akulimbana pabolodi sabata yonse,
nkhani yake timitanda taufa tokutira nyama:
anayamba kukulunga ndi a kwawo kwa yani?
Ena alowererapo, aliyense ndi zilembo zakwawo,
zina zoyambira kumanja, zina zolendewera pamzere ngati zovala pachingwe.
M'munsi mawu amodzi alembedwa m'zinenero zisanu ndi ziwiri.
Ndimatha kuwerenga ziwiri zokha,
koma zonse zikunena kuti osafufuta.

Tsono pali chipinda cha kumapeto, cha owerengera ndalama.
Kumeneko kompyuta inaponyako mnyamata wina
amene pafomu anapempha zoimba, malo nkutha.
Sindinamuonepo nkhope.
M'mphepete mwa desiki lake anajambula mano a piyano,
oyera ndi akuda, ndi bolopeni,
ndipo pamene zala zimagunda kawirikawiri inki inayererako.
Mayi Ramkissoon anandiuza maso ali gwa:
madesiki aziwala, a Zdzisław, alendo akubwera Lachinayi.
Ndinavomera.
Ndinapukuta pamwamba, pansi, miyendo yonse inayi,
nsanza ikuzungulira piyanoyo
ngati munthu wolambalala manda a mwana.

Ine sukulu ndinaisiyira panjira, kwathu ku Łódź,
ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, bambo atadwala mapapo.
Panalibe wondifunsa kuti ukufuna khomo liti.
Pano makiyi a makomo onse ali m'chiuno mwanga,
amalira ndikamayenda,
ndipo nthawi zina ndimakhala pampando wa woweruza
kudya buledi wanga ndi soseji,
osaweruza munthu.

Lachisanu padesiki paja ndinapeza kapepala
kopanikizidwa ndi chingamu:
Bambo osesa, zikomo.
Koma dzino limodzi lakuda mwalichotsa.

Ndinatsamira tsache kukhoma.
Ndinafufuza bolopeni m'bini, yoyamba yosalemba, yachiwiri yofiira,
yachitatu ndiyo.
Ndinavala magalasi, nkuwerama.
Dzanja lozolowera mpini silidziwa mzere woongoka,
dzinolo linatuluka lopindika, lonenepa kuposa anzake.

Sitima yoyamba inali itayamba kale kulira pamwamba pa msewu.
Sindidziwa kuti dzino lopindika limalira bwanji.
Lolemba adzandiuza.