Mzere Umodzi

Ndinapita ku kiliniki ndi bodza m'thumba,
lopindidwa bwino pamodzi ndi khadi la sukulu.
Mawa lake kunali mayeso a zowerengera chuma,
ndipo ndinkangofuna kapepala ka chidindo chabuluu
konena kuti Yotamu Nthani ali ndi malungo,
mlekeni agone.

Pabenchi tinalipo asanu ndi awiri.
Mtsikana wa chaka choyamba atagwira pamimba,
mnyamata wa mpira bondo litatupa ngati papaya,
wina ataima pa bokosi la makondomu pakhomo
akuchita ngati akuwerenga chidziwitso cha kolera.
Magetsi anali atapita chim'mawa.
Jenereta inkatsokomola kuseri
kuti firiji ya katemera isafunde,
ndipo pazenera phiri la Kanjala linkafuka utsi wa lupsa.

Sisita Tikambenji anandikweza pasikelo,
nayang'ana khadi, nayang'ananso sikelo.
"Makilo asanu a mu Epulo apita kuti?"
Ndinaseka, ndinati nyemba za ku hositelo.
Iwo sanaseke.

Anandibaya chala.
Kadontho kanalowa m'kapulasitiki koyera.
"Tidikire mphindi khumi ndi zisanu."
Mphindi zimenezo ndizo zinandigulitsa.
Akananditumiza kukadikira panja
bwenzi bodza langa likadali lamoyo,
koma anakankha chitseko ndi chidendene,
nayamba kudzaza kaundula osandiyang'ana.

"Umagona?"

Kafunso kochepa kuposa singano ija.

Ndinawauza za foni ya usiku wa mu Ogasiti,
mawu a mlongo wanga akudukaduka kuchokera ku Chadiza,
ngolo imene inatenga atate kupita kuchipatala
n'kubwera nawo chitenje chitaphimba nkhope.
Ndinawauza za thonje lawo, likadali m'chipinda, losagulitsa,
za ng'ombe ziwiri zimene amalume anati akatisungire,
za fizi.
Ndinati tsamba limodzi ndimaliwerenga kasanu
mpaka mabelu a njinga zopita ku Kapata atayamba kulira.
Ndinati sindinauze munthu,
ngakhale Gerisomu wa bedi lapamwamba,
amene timabwerekana sopo ndi nsapato,
poti mwamuna amalira tsiku loika maliro basi.

"Anakunamiza ndani?"
Anafunsa ngati akufuna dzina lake
kuti amulembe m'kaundula momwemo.

Kapulasitiki kanaonetsa mzere umodzi.
Anakatembenuzira kwa ine kuti ndidzionere.
"Malungo ulibe, mwanawe.
Kapepala kabodza sindilemba,
dzanja ili limadyetsa ana atatu.
Koma zoona ndilemba."

Ndipo analemba, pang'onopang'ono,
kwa woyang'anira ophunzira:
maliro a kholo, kusagona, kuwonda.
Chidindo chija chinagwa pa mawu amene sindinabwere kudzanena.
Mayeso ndidzalemba ndi odwala ena, mwezi ukatha.
Kuseri kwa khadi anawonjezera:
Lachinayi, fotini awazi, chipinda chakumapeto,
kwa a Mphanza, amene ntchito yawo ndi kumvetsera.

Mankhwala sanandipatse, ngakhale panado.
Anatsegula dirowa natulutsa nthochi ziwiri,
nkhomaliro yawo.
"Idya pompano, ndikuone."
Ndinadya ngati mwana wa giredi wani,
iwo akusamba m'manja m'beseni,
akuitana kale dzina la wa bondo uja.

Panja dzuwa la Okutobala linandiwomba mbama.
Anzanga ankathamangira ku laibulale
atafunda mabuku kumutu.
Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango
ndikuyang'ana kathonje kokanirira pachala,
kadontho kofiira pakati.
Ndinayamba kuganiza kuti kanalimidwa ndi yani,
kanagulidwa zingati pa kilo,
ngati mwini munda analipidwa asanafe.

Sindinakataye mpaka madzulo.

Lachinayi ndinadutsa pa chitseko chakumapeto kawiri,
ngati munthu wofuna chimbudzi.
Mkati munkamveka wailesi yotsitsa mawu
ndi supuni ikuzungulira m'kapu.
Kachitatu a Mphanza anatsegula okha
ndisanagogode,
nati mpando uwo, samala, mwendo umodzi ndi waufupi.