Chisoti cha Kamzati

Lolemba m'mawa ku Kanengo, chisanu cha Juni chikuluma makutu,
tinaima asanu ndi awiri pakhomo la nyumba ya katundu,
ine nditayenda wapansi kuchokera ku Mgona,
kalata ya ntchito itapindika m'thumba.

Ndinkayesa atipatsa matumba.
Anayamba kutipatsa mzere.

Mayi Nasimango, aafupi, wenzulo ili pachifuwa,
analoza pansi ndi cholembera:
"Penti wachikasuyu ndi mpanda.
Uku n'kwanu, uko n'kwa folokolifiti.
Siidziwa dzina lanu, siidziwa kuti kwanu kuli ana.
Ikamabwerera m'mbuyo imalira ngati mwanapiye.
Mukamva, imani. Foni ikhale m'thumba."

Tinaseka. Iwo sanaseke.

Kenako thumba la feteleza, makilo makumi asanu.
Ndinalithamangira, ine mwana wa kudimba,
wosenza mitolo ya nzimbe kuyambira sitandade folo.
Ndinawerama ngati ndikutola khasu.
Wenzulo inalira, pyee!
"Achimwene, kampani ili ndi malole khumi,
inu muli ndi msana umodzi.
Pindani mawondo.
Thumba likumbatireni ngati mwana wodwala.
Potembenuka ayambe mapazi, chiuno chitsatire.
Likakukanikani itanani mnzanu,
manyazi salipira chipatala."

Dzuwa lisanafike paliwombo tinali titadziwa
kuti dontho la oilo pansi lili ndi mwini,
ndipo mwini wake ndi amene waliona;
kuti khomo lothawira moto silitsekedwa ndi paleti
ngakhale kwa mphindi imodzi;
kuti fumbi la feteleza likalowa m'chifuwa silitsazika,
choncho masiki akhale pamphuno, osati pachibwano.
Sidiki anakoka chozimitsira moto chozondoka,
ufa woyera n'kumuthira m'jombo,
ndipo apo pokha Mayi Nasimango anaonetsa mano.

Masana anagawa zisoti.
Changa chinali chakale koma chosalala,
chopanda ngakhale kachipsera.
M'kati munali dzina la inki yofufuma: KAMZATI.

Ndinafunsa.

Anakhala kaye chete, akupukuta wenzulo ndi chala.
"Ali moyo, musaope.
Amasoka nsapato pa Nsungwi, pansi pa mtengo wa mango.
Anali wamphamvu kuposa nonsenu.
Tsiku lina lole ya ku Mchinji inkachedwa,
dalaivala akuliza hutala, kapitawo akuyang'ana wotchi,
makwerero ali kutali, kuseri kwa mapaleti.
Anakwera mulu wa matumba ndi manja.
Thumba lapakati linasuntha.
Lole inapita ndithu, faifi isanakwane."

"Nanga chisotichi chinamuteteza?"

"Chinali pamsomali, apo.
N'chifukwa chake n'chosalala."

Palibe anatsokomola.
Kutali folokolifiti inkalira kamwanapiye kake,
ndipo ndinaona mapazi asanu ndi awiri aja, awiriawiri,
akubwerera okha kuseri kwa mzere.

Madzulo kunyumba ndinanyamula ndowa ya madzi
nditapinda mawondo, msana uli chilili.
Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira khoma:
"Akuphunzitsani ntchito kapena kugwada?"

Loweruka ndinatenga nsapato yanga yong'ambika
n'kukwera kabaza wa pa Nsungwi.
Ndinam'peza. Mapewa aakulu, ndodo ziwiri zitatsamira mtengo,
ulusi pakamwa, singano ikulowa, ikutuluka.
Sindinanene kumene ndimagwira.
Anasoka osafulumira, anatchula mtengo, ndinalipira.

Ndikutembenuka anandiitana.
Anayang'ana pamphumi panga,
pamene lamba wa chisoti anasiya kanjira kofiira,
nati, "Chimathina kumanzere, eti?
Kumbuyo kuli kachingwe, mukamasule pang'ono.
Koma musachivule."