Ulusi Wofiira

Kuno ku El Alto mpweya ndi wochepa,
munthu umapuma ngati ukupempha ngongole.
Ine Nicasia ndimaluka zipewa za ubweya wa alipaka
pamsika wa Lachinayi ndi Lamlungu,
ndipo chaka chatha ndinaluka chimodzi
chomwe sichinapeze mutu.

Mapazi anatupa, nsapato zinandikana.
Anzanga anati ndi mmene zimakhalira,
mwezi wachisanu ndi chitatu ulibe ulemu.
Mutu unkang'amba pamphumi,
m'maso muli tinyenyezi dzuwa likuswa mtengo.
Ndinkati ndi chifukwa cha phiri,
n'kutafuna tsamba la koka, n'kumalukabe.
Ku sikelo ndinapondako kamodzi.
Mzere unali wautali, malonda opanda owadikira.

Lolemba mwana anagunda kangapo.
Lachiwiri kamodzi, mofooka,
ngati mlendo wamanyazi pakhomo.
Lachitatu zii.
Apongozi anati akusunga mphamvu za ulendo.
Ndinadikira kuti kuche.
Kutacha ndinadikiranso.

Namwino anayendetsa kachipangizo pamimba panga,
uku ndi uku, ngati wofuna siteshoni pa wailesi.
Munkamveka mtima umodzi wokha.
Unali wanga.

Anati magazi anu anathamanga mopyola muyeso,
nsengwa inafota ngati mbatata yowauka ndi chisanu,
mwana ankalandira zochepa tsiku ndi tsiku,
ndipo kuchepa kwa kugunda kuja
kunali kuitana.
Sanandikalipire. Anangondigwira dzanja.

Severino anakhoma kabokosi usiku wonse.
Ine ndinabereka mwakachetechete,
mkaka n'kubwera patatha masiku atatu
osadziwa kuti mwini wake wapita.

Tsopano ndilinso ndi pakati.
Lachisanu lililonse ndimasiya zipewa kwa Hilaria,
aphonye makasitomala, palibe kanthu.
A dokotala Yapura amandimanga lamba pamkono,
ndimayang'ana manambala ngati mitengo ya ubweya.
Anayeza shuga, anayeza chindoko,
Severino naye anatambasula mkono, nkhope ili gwaa.
Kapilitsi kamodzi usiku uliwonse.
Fodya wake amasutira panja, pamphepo,
ndipo amanditsamiritsa bulangete kumsana
kuti ndisagone chagada.

M'thumba la andiloko ndimasunga ulusi wofiira.
Mwana akagunda ndimamanga mfundo.
Madzulo ndimaziwerenga ndi chala.
Tsiku limene zidzachepe sindidzafunsa apongozi,
sindidzafunsa msika,
sindidzadikira tambala.
Minibasi yoyamba, kaya ya mtengo wanji,
andiseke kuchipatala kuti ndabwera pachabe.

Chipewa chija chili pansi pa sutikesi.
Sindinachimasule, sindidzachipatsa wina.
Ndayamba china, chachikasu,
ndafika pamakutu.

Taonani, wagundanso, pansi pa nthiti.
Dikirani kaye, amayi, chenji chanu ndikupatsani,
ndimange mfundoyi.