Kabuku ka Ngalande

Kabukuka ndimasunga ndine.
Kanali ka masamu ka mwana wanga, anangolembamo masamba atatu.
Pa tsamba lachinayi ndinajambula mizere ndi lula:
dzina, nyumba, ndalama, saini.

Ngalande yathu imayambira pachigayo cha a Namakhwa,
pamene phiri la Ndirande limayambira kulavula,
imatsetsereka kuseri kwa tchalitchi,
n'kukhota pakhomo panga
isanakagwere mu Nasolo.
Pokhota pomwepo ndi pamene yang'aluka,
mng'alu woti mkono wa mwana n'kulowa mpaka m'chigongono.

Ndinayambira kumtunda.
A Namakhwa anasasa ufa kundevu:
"Madzi kwanga amangodutsa, achimwene,
ngati minibasi yodzaza. Saima."
Ndinati, "Koma amakwerera padenga panu."
Anaseka n'kuyatsa injini.

Abiti Jafali ndi a lendi.
"Khoma si langa, dothi si langa,
funsani eni ake ku Namiwawa."
Eni akewo anayankha foni tsiku lachitatu:
"Sanandilipire miyezi iwiri. Mutenge pamenepo."
Cholembera chinaima m'mwamba.
Ngongole ya anthu ena siumba khoma.

Ku khonsolo ndinapita nsapato nditapolisha.
Mnyamata wa tayi anayala mapu pa tebulo
n'kuyendetsa chala pomwe pali nyumba yanga.
Panalibe nyumba. Panali pobiriwira basi.
"Kumeneku sitikudziwako. Munamanga nokha."
Ndinati, nanga tikiti ya msonkho
imadziwa bwanji benchi langa la zitini m'mawa uliwonse?
"Imeneyo ndi ofesi ina, bambo."

Chikwangwani cha bungwe lomwe linatimangira chikadalipo.
Dzimbiri ladya nambala ya foni,
kwatsala manja awiri ogwirana chanza
opanda eni.

Tsono anapereka ndani?
Esinati wa makala, zikwi ziwiri zakuda bii.
A Mulipa a telala, amene makina awo anamwa matope chaka chatha.
Mlonda uja amagona masana,
anati mchenga adzatuta yekha pa wilibala.
Ndikawerenga mayinawa ndimamva fungo la mphasa yonyowa.
Onse ndi akumunsi.
Amati mutu umodzi susenza denga,
koma ngalande, zikuoneka, amasenza ndi amene ikumumiza.

Ndalama yakwana matumba awiri a simenti.
Mmisiri akuti asanu ndi limodzi, apo ayi tisamuvutitse.
Dzulo mitambo inaunjikana ku Michiru
ndipo mkazi wanga, osanena kanthu,
anakweza thumba la chimanga pa mpando
ndi masetifiketi a ana pamwamba pa kabati.

Lero m'mawa ndikumenya chidebe
kwabwera mayi wina wosamudziwa, matope m'zidendene,
wochokera kumunsi kwenikweni, kupitirira msika,
kumene Nasolo amafika atakhuta kale.
M'manja mwake kabuku.
Chikuto chofiira, mizere ya lula,
dzina, nyumba, ndalama.
Akuti waya womanga miyala m'gombe mwawo waduka,
ndipo madzi odula wayawo
ndi omwe ngalande yathu imawatumiza akuthamanga.
"Mukaikonza bwino," akutero, "adzatifika msanga."

Ndinayang'ana nyundo yanga.
Ndinayang'ana mng'alu.
Kenako ndinamva pakamwa panga patseguka,
mawu akutuluka atapakidwa ufa wa kuchigayo:
"Mayi, madzi kwanga amango..."

Sindinamalize.
Iye anadikira, cholembera chili m'mwamba
monga ndinadikirira ine.
M'thumba munali ndalama ya simenti, ya Esinati, ya a Mulipa,
yopanda ngakhale kwacha imodzi yoti ndinganene kuti ndi yotsala.
Ndinamupatsa mpando ndi madzi akumwa.
Tinakhala, timabuku tiwiri pa maondo,
kumvetsera injini ya a Namakhwa kumtunda
ndi dontho loyamba pa malata.