Nsato ya Ostap

Ostap atapita kumigodi ya ku Thompson
anandisiyira makiyi, ngongole ya magetsi,
ndi chidebe cha pulasitiki kunsi kwa bedi.
Chivindikiro anachiboola ndi msomali wamoto,
mabowo khumi ndi asanu ndi awiri,
okhotakhota ngati kalembedwe kake.
M'katimo munali nsato yotalika ngati mkono wanga,
itadzipinda nkhata, mutu pakati.
Dzina lake Pirogi.

Ndinati mlongo wangayu ngouma mtima.
Chamoyo chopuma, m'chidebe chosungira nsapato?

Loweruka ndinakwera basi ya kumsewu wa Selkirk,
Winnipeg itauma gwaa ndi chisanu,
mpweya ukuluma m'mphuno.
Bambo Hrynko a m'sitolo anandisuzumira pamwamba pa mandala:
"Galasi ndi lanu, mayi. Pulasitiki ndi ya njokayo."
Ndinawerenga madola patebulo
osawayankha.

Thanki ya galasi inakhala pabalaza, pafupi ndi zenera.
Ndinaikamo nthambi, mwala wosalala, nyali pamwamba.
Lesya wanga anakanikiza mphuno pagalasi
mpaka inaphwatalala.
Anzake a kusukulu anabwera, majombo akudontha pakhomo,
nagogoda ndi zikhadabo:
"Tulukatu, tikuone."

Khoswe wa m'firiji ndinkamuviika m'madzi ofunda,
kumugwedeza ndi chopanira kuti aoneke wamoyo.
Pirogi anatembenuza mutu.
Sabata yachiwiri, chimodzimodzi.
Yachisanu ndinasiya kuwerenga.
Usiku ndinkamva kukwecha,
mphuno yake ikutsata m'mbali mwa galasi,
kufuna khomo pa khoma
looneka ngati khomo paliponse.
Hita ya m'nyumba inamwa chinyezi chonse,
ndipo pofundula khungu linachoka zidutswazidutswa,
kachigamba kena n'kutsalira padiso.

Kachigamba kameneko kanandibweza kutali.
Khrisimasi kwa amayi, nyumba yodzaza azakhali,
Ostap wa zaka zisanu ndi ziwiri
atabisala m'kabati ya makhoti.
Amayi anamukoka dzanja:
"Tuluka, alendo akuone,
uimbe ija unaimba kutchalitchi."
Anaima pakati pa balaza, maso pa masokosi,
pakamwa pali tsekee.
Ine ndinaseka nawo.
Usiku umenewo mbale yake inabwerera kukhitchini
mmene inapitira.

Ndinagwada, ndinakoka chidebe kunsi kwa bedi.
Ndinachitsuka, n'kuyala mapepala,
kambale ka madzi pakona,
chotenthetsera pansi, mbali imodzi yokha,
monga analembera iye pa chivindikiro ndi pensulo
mawu amene sindinawaone poyamba.
Pulasitikiyo ndi yotuwa;
kuwala kumalowamo ngati kwadzera m'chifunga.
Ndinamuika Pirogi m'menemo, wozizira, wolemera,
ndipo ndinatseka.

Lachinayi lachiwiri, nyali zitazima,
ndinatsitsa khoswe pang'onopang'ono.
Gwi!
Chopanira chinatsala chikunjenjemera m'dzanja langa.

Lesya sanakondwe.
"Ndiye tikuweta njoka kapena tikuweta bokosi?"
Ndilibe chomuyankha chokwanira.
Bambo Hrynko akuti ena amamata pepala lakuda
mbali zitatu za galasi, kuvindikira theka la pamwamba,
kuikamo mphako ziwiri zobisalamo,
ndipo njoka zawo zimadya bwinobwino.
Akuti pali zina zokonda kukwera ndi kuothera,
zimene chidebe chingazipanikize.
Mwina chisanu chikatha tidzayesa.
Mwina ayi.

Pakali pano m'thankimo ndadzalamo anyezi,
ndipo iwo alibe nazo ntchito
kuti ndani akuwayang'ana.

Ostap salandira foni.
Ndinamulembera liwu limodzi: "Wadya."
Panapita masiku awiri,
kenako foni inanjenjemera patebulo:
"Sunamusunthe, eti?"

Ndakhala pansi pambali pa bedi,
khutu pafupi ndi mabowo khumi ndi asanu ndi awiri,
ndikumvetsera pepala likuchita tswa, tswa,
chala chili pa foni.
Sindinamuyankhebe.